Anganga Waisoni ndi Juzi ya Mkono Umodzi

Lachisanu, sabata yachiwiri ya Juni

Lero ndadzuka m'bandakucha ngati tsiku la mayeso, kunja kukuzizira moti madzi a mundowa akuluma zala. Phiri la Bangwe silikuoneka n'komwe, chiperoni chaliphimba kuyambira dzulo. Kusukulu sindinapite. Amayi anakandipemphera chilolezo kwa aphunzitsi chifukwa mawa tikuvundukula chiliza cha Anganga Waisoni, malume awo a amayi anga, amene anatisiya chaka chatha mwezi ngati uno. Akuluakulu agwirizana kuti mbiri yawo ndikawerenge ndine, poti ndili Fomu 3 ndipo mawu anga sanjenjemera pagulu.

Vuto ndi lakuti mbiri imene akuluakulu andiuza kuti ndilembe papepala ikuoneka ngati ya munthu wina. Ikunena kuti anabadwira ku Thyolo, anagwirapo ntchito yaulonda, anali wokonda mapemphero ndi wamtendere. Zonsezo n'zoona pang'ono. Koma mawa kumandako kudzakhala anthu awiri amene sapatsana moni kwa zaka zisanu ndi ziwiri tsopano. Woyamba ndi Abiti Jana, oyandikana nawo nyumba, amene amagulitsa kaunjika. Wachiwiri ndi a Nyasulu a ku Chilomoni, apongozi awo a achemwali anga Esinati. A Nyasulu amakhulupirira kuti Abiti anawabera juzi. Abiti sanabe. Ine ndikudziwa kumene juziyo inapita, ndipo panopa ili pansi pa bedi langa, m'jumbo. Ndiye ndati ndiyambe ndalemba muno mbiri yeniyeniyo, mwina ndikamaliza ndidziwa chochita.

Anganga anali mwamuna woluka. M'Bangwe muno amuna osoka alipo ambiri, okhoma zidebe ndi mbaula ndiye osawerengeka, koma mwamuna wokhala pakhonde n'kumaluka tizipewa ta ana analipo yekha. Singano zawo zinali masipoko a njinga. Ulusi sankagula. Ankati wa m'sitolo ndi waulesi, sunaonepo mphepo, ndipo wabwino ndi umene unafunditsapo kale munthu kumayiko ozizira. Choncho ankamasula majuzi akale a pakaunjika, ong'ambika m'zigongono kapena odyedwa ndi njenjete, n'kumakulunga ulusiwo pamiyendo ya mpando wogadamiza. Ana sankawalola kuwagwirira. Ankati mwana amayabwidwa mphuno pa nthawi yolakwika, pomwe mpando suyabwidwa. Ulusi womasula umakhala wopotanapotana ngati tsitsi longomasula kumene, ndiye ankauwongola pa nthunzi ya ketulo. Kwathu tiyi ankamveka kafungo ka nkhosa, ndipo alendo ena ankayesa kuti tathira mkaka wodula.

Za mmene anaphunzirira kuluka panali nkhani zitatu. Anzawo a pabawo ankawauza kuti anaphunzira ku Joni, kumene amuna onyamula miyala ankaluka zipewa Lamlungu, ndipo woseka ankakadzukira m'chipatala. Amayi a kutchalitchi ankawauza kuti inali mphatso, anangodzuka tsiku lina zala zikudziwa. Yachitatu ndinaimva kwa amayi anga, ndipo ndi imene ndimaikhulupirira, chifukwa Anganga ku Joni sanapiteko, ngakhale ku Mwanza kumalire sanafikeko. Woluka anali akazi awo, amene ine sindinawaone. Zala zawo zitayamba kutupa ndi nyamakazi, anthu anali ataitanitsa kale zinthu zambiri, ndiye anawaphunzitsa amuna awo m'chipinda, chitseko chotseka. Kwa zaka zingapo mayi ankakhala pakhonde atangogwirizira masipoko kuti anthu aziona, ntchito yeniyeni ikuchitika m'kati. Anthu mpaka ankayamikira kuti mayi aja akamakalamba luso likuwonjezeka. Atamwalira, tizipewa tinapitiriza kutuluka m'nyumbamo, ndipo ena anayamba kunong'onezana za mizimu. Anganga ataona kumene nkhaniyo ikulowera, anatulutsa mpando pakhonde n'kuyamba kuluka masana dzuwa likuswa mtengo. Ankati kuli bwino anthu akuseke kusiyana n'kuti akuotchere nyumba.

Tepi yoyezera sankaifuna. Mayi akamadutsa ndi mwana kumbuyo ankamuimitsa, n'kugwira mutu wa mwanayo ndi zikhatho zonse ziwiri ngati munthu wosankha papaya pamsika, kenako n'kumuuza kuti abwere Lachitatu. Mayiyo sanaitanitse kanthu, koma Lachitatu ankabwera ndithu. Chipewacho chinkatuluka chachikulu nthawi zonse, chifukwa mfundo yawo inali yakuti mwana sabwerera m'mbuyo, ndipo kumulukira chomukwana lero n'kumuuza kuti asakule. Mpaka pano ukamapita kusiteji m'mawa umakumana ndi ana a sukulu yamkaka akuyenda atakweza chibwano kuti aone njira kunsi kwa chipewa. Amenewo ndi a Anganga. Za mitundu sankasamala. Wobiriwira ukatha ankalumikiza wachikasu pomwepo, ngakhale pakati pa chifuwa. Munthu akadandaula ankamufunsa ngati mphepo imasankha mtundu.

Mutu wawo sunkakhala phee. Analukira wailesi yawo chovala chokhala ndi kabowo ka eriyo, mpaka wowerenga nkhani ankamveka ngati wachimfine. Ntchito imene anainyadira kwambiri inali ya zovundikira mipando ya njinga za kabaza. Sabata yoyamba akabaza anasangalala, okwera ankati akukhala ngati pasofa. Kenako kunabwera mvula yowaza, ulusi unamwa madzi, ndipo aphunzitsi ena aamuna anafika pamzere wa m'mawa thalauza litanyowa malo osayenera. Akabaza anabweza zonse tsiku limodzi. Anganga sanakhumudwe. Anazimasula n'kuluka masokosi, ndipo ena mwa akabaza omwewo anawagula.

Kutchalitchi anakangana ndi akulu a mpingo mwezi wathunthu. Ankaluka ulaliki uli m'kati, ati zala zikamagwira ntchito makutu amatseguka, ndipo owodzera ndi a manja opanda kanthu. Chimene chinkawapweteka akulu a mpingo sichinali kulukako ayi, koma kuti Anganga ankayeza ulaliki ndi ntchito yawo. Potuluka ankagwira mlaliki chanza n'kumuuza mwaulemu kuti lero zinali bwino, sokosi imodzi ndi chidendene. Mlaliki wina wachinyamata atauzidwa kuti wafikitsa theka la shawelo, Lamlungu lotsatira anafupikitsa moti tinapeza makala a pambaula asanazime. Kuyambira pamenepo mpingo wonse unali kumbali ya Anganga. Pabawo ndiye panali mlandu wina. Mpira wawo wa ulusi unali ndi chizolowezi chogwa pamwendo n'kugubuduka kudutsa pabawo, nkhomo balala, ndipo unkachita zimenezi pokhapokha mwini wake akamagonja.

Anamwalira ndi chibayo. Ndimachita manyazi kulemba, koma munthu amene anafunditsa theka la Bangwe anadwala chifukwa choyenda ndi malaya okha mu Juni. Juzi yawo yomaliza anali ataimasula kuti amalizire shawelo ya mapasa amene anabadwa kuseri kwathu. Tsiku la maliro kunazizira kwambiri, ndipo azibambo a pabawo, amene kwa zaka zambiri ankawatchula kuti amayi Waisoni, anafika aliyense atavala chipewa cha mitundu itatu. Zinadziwika tsiku limenelo kuti onsewo ankaitanitsa mobisa, kudzera pawindo lakuseri.

Koma mnzawo weniweni, amenenso ankalongolola naye tsiku ndi tsiku, anali Abiti Jana. Pakati pa nyumba ziwirizi pali kanjira kopapatiza, ndipo malata a nyumba ya Abiti amatulukira pamwamba pake moti mvula sifikapo. Pakhoma pamenepo pali msomali waukulu. Abiti akatsegula belo la kaunjika n'kupezamo juzi yosagulitsika, ankangoikoloweka pamsomalipo osanena kanthu, Anganga n'kuitenga osanenanso kanthu. Lamulo linali limenelo: chilichonse cha ulusi chopezeka pamsomali ndi cha Anganga. Zikomo sankanena. M'malo mwake ankafuula kudutsa khoma kuti juzi ya lero inali ya munthu wosasamba, Abiti n'kuyankha kuti njenjete sisankha. Ankawatchula choncho, a Njenjete, ndipo Anganga ankawabwezera kuti Abwana a Mabelo.

Tsiku la juzi ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Nthawi imeneyo ife tinkakhala ku Zingwangwa, ndipo za msomali sindinkazidziwa. Tinabwera ku Bangwe chifukwa akuchimuna ankabwera kudzakambirana za ukwati wa achemwali Esinati ndi alamu Wongani, ndipo nkhani zotere zimakambidwa kwa mwinimbumba, amene anali Anganga. Amayi anali ndi mantha kuyambira m'mawa. A Nyasulu, bambo awo a alamu, anali atangopuma kumene ntchito ya m'boma, munthu wa tayi ngakhale Loweruka, ndipo zinkamveka kuti akanakonda mwana wawo akanapeza mkazi wa kwawo ku Rumphi. Amayi anali atawachonderera Anganga kuti tsiku limodzi lokhalo asagwire masipoko pamaso pa alendo. Anganga analonjeza.

Alendo anafika atanyowa ndi chiperoni kuchokera pasiteji. A Nyasulu anavula juzi yawo, yofiira moderako ngati chidede, ya mizere yopotana ngati zingwe kutsogoloku, n'kukhala pafupi ndi mbaula. Amayi anandipatsa juziyo kuti ndikaiyanike pamalo posadontha. Ndinazungulira nyumba, ndinaona msomali pansi pa malata, ndinaikoloweka, n'kudziyamikira kuti ndine mwana wanzeru.

Zokambirana zinachedwa kuyamba chifukwa nkhoswe ya akuchimuna inali isanafike, minibasi yochokera ku Machinjiri inali itaphulika tayala. Anganga anali asanalowe kukaonana ndi alendo, ati mwinimbumba salowa msanga ngati mphaka. Anali kuseri, manja akuwayabwa. Nkhoswe ija itafika, amayi anandituma kuti ndikawaitane. Ndinawapeza atagadamiza mpando, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, ndipo pamiyendo pawo panali chinthu chofiira chokhala ndi msana ndi mkono umodzi, kwinako kulibe. Anandiuza mosangalala kuti Abwana a Mabelo lero alapa, ataya ulusi weniweni wa nkhosa chifukwa cha kabowo kamodzi ka pachigongono.

Ndinawauza mwini wake wa juziyo. Anayang'ana juzi, anayang'ana ine, anayang'ananso juzi.

"Mdzukulu, theka la juzi ndi umboni. Ulusi ndi ulusi basi. Tseka pakamwa, ukawauze kuti ndikubwera."

Yotsalayo anaimasula mwaliwiro limene sindinalionepo, mipira yonse n'kuiponya m'thumba la ulusi wina. Koma umodzi, mwa chizolowezi, unalowa m'thumba la jekete.

M'nyumba zinayamba bwino, moni, pemphero, zitumbuwa. Zinafika povuta a Nyasulu atafunsa kuti ana obadwa m'banjali adzakhala a mbali iti, poti kwawo ana ndi a kuchimuna ndipo kwathu ndi a kuchikazi. Mawu anayamba kukwera. Ine ndinkasuzumira pakatani. Anganga akapanikizika, manja ankapita okha m'thumba. Ndinaona masipoko akutuluka, kenako mpira wofiira uja. Amayi anatseka maso. A Nyasulu anauyang'anitsitsa ulusiwo, n'kunena kuti mtundu umenewu ndi wosowa, iwonso ali ndi juzi yotere imene malemu akazi awo anawalukira ndi manja atatsala pang'ono kumwalira. Masipoko anaima. Ine ndinayesa kuti Anganga agwa pampando. Koma anayambiranso kuluka, n'kuyankha mawu osagwedera:

"Ndiye kuti Mulungu wagwirizanitsa kale mabanjawa, asewere. Kachipewa aka ndi ka mdzukulu wathu woyamba. Mutu wake udzakhala umodzi, sitingaugawe pakati, ndiye tiyeni tingomufunditsa tonse."

Anthu anaseka, a Nyasulu anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ndipo nkhani ya ana inathera pomwepo. Pofika nthawi ya chakudya kachipewa kanali katatha, ndipo a Nyasulu anakalandira ndi manja awiri.

Potsanzikana amayi anandituma kukatenga juzi. Ndinapita, ndinaima n'kumayang'ana msomali ngati mwina ingamere, ndinabwerako n'kunena kuti palibe. Aliyense anayamba kufunafuna. Mmodzi mwa alendo anaona kuti mapazi atatu kuchokera pamsomalipo pali mayi amene wayala majuzi pakhonde akugulitsa. A Nyasulu anapita okha, n'kuyamba kutembenuza mulu ndi mulu, tayi ikulendewera. Abiti anayang'ana msomali. Anayang'ana Anganga, amene ankafunafuna mwakhama m'khola la nkhuku. Pomwepo anadziwa zonse. Kenako anayang'ana achemwali Esinati, amene anaima pakhomo atavala chitenje chatsopano. Abiti anangonena kuti sanaione. A Nyasulu anapita ndi malaya okha, akunena kuti ukwati sauletsa chifukwa apereka kale mawu kwa munthu wabwino ngati asewere awo, koma kuti anthu ena oyandikana nawo Mulungu akuwaona.

Ukwati unachitika, ndipo ndi wabwino mpaka lero. Koma patsiku la ukwatilo, Abiti atanyamuka kukavina pa perekaniperekani, a Nyasulu anauza abale awo mokweza kuti agwiritse zikwama. Nkhani inafala kuti kaunjika wa Abiti si yense amachokera m'belo. Amayi ena anayamba kuanula zovala pachingwe Abiti akamadutsa. Ogula ena anasiya kubwera. Adzukulu awo ankanenedwa kusukulu. Abiti sanaulule kwa munthu, ngakhale kwa ana awo.

Sikuti anawasiya Anganga mwaulere ayi. Anganga akangoyamba matama pakhonde, Abiti ankatsokomola kuseri kwa khoma n'kunena ngati akudziyankhulira kuti kwazizira lero, mwina mlendo wina afuna juzi yake. Nthawi yomweyo Anganga ankadzuka, kukawasesera pabwalo kapena kuwatungira madzi. Lachisanu lililonse Abiti akapita kumzikiti, wolondera kaunjika anali Anganga. Sankagulitsa kanthu. Wogula akatola juzi ankamulanda n'kuyamba kumufotokozera mmene ingamasukire bwino, ndipo Abiti pobwera ankayamba aona ngati juzi iliyonse ikadali ndi mikono iwiri.

Ife titasamukira ku Bangwe kudzasamalira Anganga, ndinazindikira kuti ali ndi ntchito ina ya m'chipinda, chitseko chotseka. Anali ataganiza zoilukanso juzi ija ndendende mmene inalili, kuti tsiku lina akaipereke n'kunena zoona zonse juzi ili m'manja. Ankati kupepesa chimanjamanja ndi phokoso chabe. Koma mizere yopotana ija sankaidziwa, akazi awo sanawaphunzitse. Mwamwayi pabalaza pa a Nyasulu pali chithunzi chawo atavala juziyo. Anganga anayamba kupita ku Chilomoni mwezi ndi mwezi, n'kumakaima patsogolo pa chithunzicho, milomo ikuyenda powerenga mizere. A Nyasulu ankauza aliyense kuti pa anthu onse amene anawadziwa, kuphatikizapo a kuofesi, palibe amene amawalemekeza ngati asewere awo a ku Bangwe.

Panalinso nkhani ya muyeso. Munthu sungagwire asewere ako mutu ngati papaya. Ndiye Anganga anayamba kuwakumbatira popereka moni, kukumbatira kwa nthawi yaitali, zikhatho zikuyenda kumsana kuchokera phewa ili kufika phewa ilo. A Nyasulu ndi munthu wa chanza chokha. Poyamba ankangouma ngati mtengo wa magetsi, koma anazolowera, mpaka anayamba kutambasula manja iwo Anganga akadali pageti. Tsoka lake kupuma pantchito kunawayanja. Akabwerako ku Chilomoni, Anganga ankalowa m'nyumba akung'ung'udza kuti munthu uja wawonjezeranso zala ziwiri pamimba, n'kumasula zonse kuyambiranso. Anayambiranso kanayi.

Mapeto ake ulusi unaperewera. Mpira umodzi unapita ku kachipewa, wina unadyedwa ndi mimba ya a Nyasulu, ndipo mkono wamanzere unasowa cholukira. Apa m'pamene ndinaona zodabwitsa. Munthu uja amene ankalumikiza wachikasu pa wobiriwira anayamba kukana ulusi wofiira uliwonse umene ankapatsidwa. Uwu wawala kwambiri, uwu wada, uwu ndi wa pulasitiki. Wowabweretsera anali Abiti omwewo. Belo lililonse akatsegula ankayamba afunafuna mtundu wa chidede asanaone china chilichonse, n'kukawaponyera kudutsa khoma ndi mawu oti a Njenjete alawe. Kachipewa kaja kalipo, mwana wa achemwali anakavala mpaka atayamba sukulu yamkaka, ndipo pano a Nyasulu amakasunga m'kabati yamagalasi pamodzi ndi mbale za alendo. Anganga ankakayang'ana ulendo uliwonse, koma ankati kulanda munthu mmodzi kawiri ndi mwano.

Sabata imene anayamba kutsokomola anandiitana m'chipinda n'kundipatsa jumbo ija kuti ndiisunge kutali ndi makoswe. Anati ine ndinakoloweka, iwo anamasula, koma amene wasenza katundu ndi Abiti, ndipo akangopeza bwino apita ku Chilomoni ngakhale mkono ndi umodzi. Sanapeze bwino. Ine ndakhala nayo chaka chathunthu, ndikumadziuza kuti mlandu wa akuluakulu si wa mwana wasukulu.

Masana ano tikudula kabichi wa mawa ndinawauza amayi zonse. Sankadziwa. Anaika mpeni pansi, anaseka mpaka misozi, makamaka nditafika pa khola la nkhuku. Kenako kuseka kunatha. Anati ndisayerekeze kutulutsa nkhani imeneyi mawa, achemwali ali pamtendere kubanja kwawo, ndipo munthu wakufa saimbidwa mlandu. Nditafunsa za Abiti, amayi anatolanso mpeni n'kunena kuti kabichi sadzidula yekha.

Ndinapita kwa Abiti. Ndinawapeza akutakasa thobwa la mwambo wathu womwewu pakhonde pawo, poti mphika waukulu ndi wawo. Ndinagwada n'kuwafunsa ngati akufuna kuti ndikanene zonse kumanda, powerenga mbiri.

"Kumanda? Ukufuna a Njenjete adzuke akubaye ndi sipoko?" Anatakasa thobwa kanthawi osandiyang'ana. "Iwe Tadala, ine chipepeso cha pagulu sindikuchifuna, ndakalamba. Koma bambo uja akafika mawa apatsa moni aliyense pamzere, akafika pa ine ayang'ana wotchi. Zaka zonsezi akuyang'ana wotchi. Ndikanakonda ndisanafe andifunseko kuti mwadzuka bwanji. Basi."

Anandipatsa thobwa m'kapu kuti ndilawe shuga, n'kundithamangitsa kuti ndikuwachedwetsa.

Pano ndakhala pakhonde, dzuwa latsala pang'ono kulowa ngakhale lero silinaoneke bwino. Malo amene Anganga ankakhala ndi pakona, kumene mphepo siwomba. Pasementi pali timaenje tinayi timene miyendo ya mpando inakumba, ndipo pakhoma pali banga lakuda pamene ankatsamira mutu. Amayi anapakapo laimu sabata yatha chifukwa cha alendo, koma bangalo latulukanso. Anthu abweretsa miphika, nkhuni ndi mabenchi a kutchalitchi, zadzaza khonde lonse, koma ndaona kuti aliyense akafika pakonapo amalambalala n'kukatula katundu wake pena. Pamwamba pake, pansi pa malata, pali chisa cha mpheta chakale. Ndachiyang'anitsitsa lero: udzu ndi wochepa, chambiri ndi tizidutswa ta ulusi, tobiriwira, tachikasu, tabuluu. Mpheta zake sizinabwerenso chaka chino.

Ndaganiza chochita. Mbiri ya papepala ndikaiwerenga mmene ilili, kungowonjezerapo kuti anali woluka, chifukwa akuluakulu mawu amenewo anawadumpha. Koma mawa kukangocha ndikwera minibasi yoyamba ya ku Limbe, kenako ya ku Chilomoni, jumbo ili pamiyendo. Amayi ndiwauza ndili pakhomo, nsapato nditavala kale. Ndikayamba ndawatengera pambali achemwali Esinati, amene amakhala komweko, kuti asamvere pabalaza. Kenako ndikagwada pamaso pa a Nyasulu asanamange tayi, ndipo ndikayambira pa ine, kuti wokoloweka pamsomali ndinali ine. Akafuna kukalipa akalipire ine, poti winayo sangamvenso. Ndikawauza za chithunzi chija, ndi chifukwa chake ankakumbatiridwa. Ndikawauzanso amene wakhala akufunafuna mtundu wa chidede m'mabelo zaka zonsezi. Tikafika kumanda, pamzere wa moni ndikaima kumbuyo kwa Abiti, ndione ngati a Nyasulu ayang'anenso wotchi.